Tizovala ta khanda tikathina, tipezereni mwana wina tisanaolere m'sutikesi

Khanda silimaliza chovala. Mwana wobadwa ndi makilogalamu 3 akamayamwa bwino, pofika miyezi 5 kapena 6 sikelo imakhala ikuwerenga 6, ndipo pokwanitsa chaka amakhala akusendera ku 9 kapena 10. Kavesiti kamene munakalimbirana pa kaunjika tsiku lotsegula belo kamamuthina kasanasuluke n'komwe. N'chifukwa chake m'nyumba zambiri muli sutikesi kunsi kwa bedi, kapena thumba la Shangani pamwamba pa wadiropu, lodzaza tizipewa, timasokosi, timajuzi ndi matewera omwe palibe akuwagwira. Chonsecho pachipatala chomwe inu mumapitako ku sikelo pali mayi amene akutuluka lero mwana atamukulunga m'chitenje chimodzi basi.

Zovala zimenezi sizidikira munthu. Lasitiki amafa yekha ngakhale chovala chisavalidwe, pamene panadonthera mkaka pamadzatuluka banga lachikasu pakapita miyezi, dzinja likafika nguwi imalowa, mphemvu ndi makoswe n'kudzamalizitsa. Zituluke zikadali zabwino. Koma kupereka kuli ndi kachitidwe kake, ndipo amene amayamba n'kukhuthula sutikesi asanadziwe kuti akupatsa yani amathera kungosamutsa mulu kuchoka kuchipinda kupita pabalaza.

1. Yambani mwamvana m'nyumba

Zovala za mwana sizikhala za mayi yekha. Shawelo ija anagula ndi apongozi, kadiresi kaja kanachokera kwa azakhali ake a ku Joni, juzi analuka ndi agogo. Musanatulutse kanthu, khalani pansi ndi bambo a mwana, ndipo chinthu chimene munthu anachipereka mwapadera, muuzeni mwiniwakeyo kumene chikupita. Mawu ochepa amakwana: "Amayi, shawelo munamugulira ija yamuchepera, ndimati ndipatse alamu anga poti achira posachedwapa." Apongozi ambiri amakondwa nazo. Chimene chimawawawa n'kukaiona shaweloyo kumsana kwa mlendo kutchalitchi popanda wowauza.

Ngati mukuganiza zodzaberekanso m'zaka ziwiri kapena zitatu zikubwerazi, sungani zochepa zomwe sizifa msanga, monga bulangete, shawelo, majuzi oluka ndi matewera a nsalu olimba. Za lasitiki ndi tinsapato perekani. Chovala cha ubatizo kapena kachipewa kotulukira kuchipatala, ngati mtima ukukana, sungani, palibe mlandu. Kungoti chikumbutso ndi chinthu chimodzi kapena ziwiri, osati sutikesi yonse.

Pali mabanja amene amaopa kuti chovala chomwe chinakhudza thupi la khanda chikagwera m'manja olakwika, wina angachitire mwanayo chipongwe. Ine mantha amenewo ndilibe, koma sindingakuuzeni kuti mukangane ndi akuluakulu chifukwa cha kavesiti. Njira ilipo. Perekani kwa achibale okhaokha amene aliyense pakhomo amawakhulupirira, kapena kasiyeni kuchipatala kumene zovala zimasakanizika moti palibe angadziwe kuti ichi chinali cha mwana wa uje. Chilichonse chomangirira, kaya mphinjiri kaya mkanda, chichotseni chitsale kwanu.

Ngati mwini zovalazo anatisiya, malangizo onsewa ayambe adikira. Pasapezeke wokufulumizitsani. Tsiku limene mayi ndi bambo adzanene okha kuti tsopano zituluke, ndi bwino zidzere kwa anamwino kapena kumpingo wakutali, osati kwa aneba kumene mudzaziona zitayanikidwa pachingwe m'mawa uliwonse.

2. Pezani wolandira musanayambe kuchapa

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Yambani pafupi: mlamu wanu, mng'ono wanu kumudzi, mtsikana wokuthandizani ntchito za pakhomo, mkazi wa alonda, mayi amene mumakhala naye benchi limodzi ku sikelo. Wolandira wabwino kwambiri ndi amene mwana wake akutsatira wanu ndi miyezi 4 mpaka chaka, chifukwa ameneyo simudzamupatsa kamodzi. Nthawi iliyonse wanu akathinidwa, wake amakhala akungofika pa msinkhu womwewo.

Samalani kafunsidwe. Kwathu kuno pakati sasimba. Mkazi akhoza kukhala ndi mimba yoonekera kwa aliyense koma osafuna kuti wina aitchule, ndipo ambiri salola katundu wa mwana kulowa m'nyumba mwanayo asanabadwe. Ndiye musangotulukira ndi jumbo m'manja. Lankhulani ndi amayi ake kapena achemwali ake, apo ayi mutengereni pambali n'kumuuza kuti, "Asisi, kwathu kuli tizovala, tizikudikirani. Mukachira mundiuze." Ena amafuna zifike atatuluka m'chikuta, mchombo utagwa. Komabe tizovala tating'onoting'ono timafunika tsiku loyamba lomwe, choncho akalola, kasiyeni kwa amene adzamudikirire kuchipatala. Ndipo chifukwa choperekera chikhale cha kwanu, osati cha kwawo. "Wathu uja wakula, zangokhala" amalandirika. "Ndaona kuti mukuvutika" amatseka chitseko, ngakhale zitakhala zoona. Munthu akakana, mulekeni, musamukakamize kapena kukamudandaulira kwa ena.

Pafupi pakasowa munthu, pitani kuchipatala. Mayi woyembekezera amauzidwa ku sikelo kuti akonzeretu zitenje, beseni, pepala lapulasitiki loyala, lumo latsopano ndi ulusi, ndipo kwa ambiri ndalama imathera pomwepo, za mwana zisanagulidwe. Wina matenda amamuyamba ali kumunda kapena pamsika n'kufika kuchipatala chimanjamanja. Wina amayembekezera mwana mmodzi n'kulandira mapasa. Azamba amawadziwa amayi oterewa kuposa wina aliyense.

Malo amene ndimawaika patsogolo ndi wodi ya ana obadwa masiku asanakwane. Mu 2012 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa chiwerengero chakuti m'Malawi ana pafupifupi 18 mwa 100 aliwonse ankabadwa masiku asanakwane. Mwana wotere, kapena aliyense wobadwa wosakwana makilogalamu 2.5, mdani wake wamkulu ndi kuzizidwa. Njira ya Kangaroo, yomwe kuno idayambira pachipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, imafuna kuti mwanayo akhale pachifuwa cha mayi ake, khungu kukhudza khungu, atangovala thewera, kachipewa ndi timasokosi, kenako n'kumangidwa ndi chitenje. Ndiye kachipewa kaja kamene wanu anangokavala milungu iwiri mutu n'kukula, kumeneko ndiye kwake. Zitenje zakale zofewa, zomwe zachapidwa mpaka kutha kuuma, nazonso musazione ngati zachabe.

Anthu ambiri akaganiza zopereka amathamangira ku Chatinkha pachipatala cha Queen Elizabeth, ku Bwaila kapena ku Ethel Mutharika ku Lilongwe, ndipo amapitako pa Khirisimasi, pa Chaka Chatsopano kapena pa tsiku la anakubala pa 15 Okutobala. Si zolakwika. Koma kuzizira kwathu kumabwera mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikamawomba ku Thyolo ndi ku Mulanje, ku Dedza ndi ku Mzuzu madzi akuchita kuluma m'manja, ndipo nthawi imeneyo alendo onyamula mphatso amakhala ochepa. Komanso chipatala chaching'ono cha kumudzi kwanu, ndi chidikiro chake kumene amayi ochokera kutali amagona podikira tsiku lawo, sichiona alendo otere kawirikawiri. Ngati muli ndi ulendo wakumudzi mwezi wa Meyi, thumbalo likwere nanu.

Kulinso nyumba zolera makanda amene amayi awo anamwalira kapena amene anatayidwa, monga Open Arms ku Blantyre ndi Crisis Nursery ya Ministry of Hope ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Imbani kaye foni mufunse msinkhu umene akuusowa, poti nthawi zina amakhala ndi za makanda zambiri koma akusowa za ana oyamba kuyenda. Ofesi ya Social Welfare kwa DC ingakulozereninso agogo amene akulera khanda lamasiye m'mudzi, ndipo agogo otere ndi amene chithandizo chimawaphonya kwambiri chifukwa alibe chikwangwani pamsewu.

Ngati mulibe mpata woyenda nokha, amayi a kumpingo ntchito imeneyi ndi yawo kuyambira kale: a Mvano, a Chigwirizano ndi a Umanyano ku CCAP, a Dorika ku Seventh-day Adventist, a Mothers' Union ku Anglican, amayi a kumphakati ndi a St Vincent de Paul ku Katolika, komanso magulu a amayi a kumzikiti. Iwowa amadziwa khomo lililonse. Ena mwa iwo amayenderanso ndende monga Chichiri ndi Maula, kumene kuli amayi amene akugwira ukaidi ali ndi makanda kumsana. Kumeneko simungangofika nokha popanda chilolezo, choncho dzerani mwa omwe amapitako kale.

Nyengo ya mvula muzitchera khutu. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, anthu oposa 500,000 anasowa pokhala, ambiri n'kukaunjikana m'makalasi ndi m'matchalitchi ku Blantyre, Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje. Pamsasa wotere thewera louma ndi chuma, chifukwa mvula imakhala ikugwabe ndipo poyanika palibe. Zoterezi zikachitika, perekani kudzera ku Malawi Red Cross kapena ku ofesi ya DC, osati kukagawa nokha pakhamu la anthu.

3. Sankhani masana, panja

Tsopano mukudziwa kuti zikupita kwa yani, mwana wa msinkhu wanji, dera lotentha kapena lozizira. Yalani mphasa pakhonde dzuwa likuwala, chifukwa pa getsi la usiku mabanga saoneka. Chovala chilichonse chitembenuzeni. Yang'anani m'khosi momwe mumadontha mkaka ndi dovu, pansi pomwe pamakhala thewera, ndi m'khwapa. Kokani lasitiki mumve: akalira ngati akuthetheka n'kusabwerera, wafa. Tsekani n'kutsekula timabatani todina tonse, chifukwa rompa yosatsekeka pansi ilibe ntchito ngakhale ikongole bwanji.

Funso ndi limodzi lokha: kodi mwana wanu mukanamuveka ichi popita ku sikelo? Ngati yankho ndi ayi, musachiike m'thumba ati poti wolandirayo ndi wosauka. Mayi wosauka naye amaona banga, ndipo amadziwa pamene wapatsidwa zinyalala. Anamwino nawo ali ndi ntchito yambiri, si oti azikhala pansi kusankha nsanza zathu.

Zina n'zoti zingokonzedwa pang'ono. Batani logwedera lisokeni mwamphamvu kapena lichotseni, poti khanda limaika chilichonse m'kamwa ndipo likhoza kutsamwa. Zingwe za m'khosi ndi za pakachipewa zisololeni. Timasokosi titembenuzeni n'kudula ulusi wolendewera m'kati, chifukwa ulusi umodzi ukhoza kukulunga kachala mpaka kutupa mayi osadziwa chimene mwana akulirira. Lasitiki wa kabudula telala wa pakhonde la golosale amasintha mwamsanga pa mtengo wochepa. Mabotolo oyamwitsira akale, nsonga zake, ndi mankhwala otsala musaphatikizemo. Pisaninso m'matumba a chikwama cha mwana, mungapereke pamodzi ndi buku lake la kuchipatala.

4. Chapani, yanikani pachingwe, sitani

Ngakhale munazisunga zochapa, chapaninso. Sopo wamba wamtanda ndi wokwana. Sopo waufa wonunkhira kwambiri amatha kuyabwa khungu la khanda, ndiye mukamugwiritsa ntchito tsukuluzani mpaka madzi ayere mbee. Banga la mkaka lipakeni sopo, muliviike usiku wonse, m'mawa muchape n'kuyanika padzuwa lamphamvu, dzuwalo limathandiza kuyeretsa. Matewera a nsalu oyera aphikeni m'madzi owira kapena muwaviike m'madzi othira Jik pang'ono, kenako muwatsukuluze kambirimbiri. Thewera lomwe lauma gwa, lokanda m'manja, lapuma ntchito.

Ngati pakhomo panadutsa mphere, musabise. Chapani zonse m'madzi otentha kwambiri, ndipo zosalola madzi otentha, monga majuzi oluka, zimangeni m'jumbo yosabooka zikhale sabata yathunthu, chifukwa tizilombo ta mphere sitikhalitsa tikasiyana ndi khungu la munthu. Onaninso m'misoko ya thumba ndi ya bulangete ngati muli nsikidzi. Kupatsa mnzanu zovala pamodzi ndi nsikidzi n'kumuonjezera mavuto.

Yanikani pachingwe, padzuwa, osati pa udzu, pampanda wamaluwa kapena pansi. Pali ntchentche imene imaikira mazira m'dothi ndi pa zovala zonyowa, makamaka zomwe zili ndi kafungo ka mkodzo kapena thukuta. Mwana akavala, kamphutsi kamaboola khungu n'kumakulira momwemo, pamwamba n'kumaoneka ngati chithupsa chokhala ndi kabowo pakati. Njira yopewera zimenezi ndi simbi. Sitani chilichonse mbali zonse ziwiri, ngakhale timasokosi ndi matewera, ndipo dinikizani m'misoko ndi m'mapindiro. Ngati ndi simbi ya makala, yalani kansalu kopyapyala pamwamba kuti phulusa lisadetse ndi kuti za nayiloni zisapse.

Chinthu china chimene ambiri sachidziwa: timibulu toyera tonunkha tija toika m'sutikesi pothamangitsa mphemvu ndi njenjete si tabwino kwa khanda. Muli mankhwala otchedwa naphthalene, ndipo pali ana amene amabadwa ndi magazi osapirira mankhwalawo, vuto lomwe madokotala amalitchula kuti kuchepa kwa G6PD, lofala ndithu muno mu Africa. Mwana wotere akavala zovala zonunkha timibuluto akhoza kuchita chikasu ndi kuchepa magazi. Ngati sutikesi yanu inali nato, chapani ndi kuyanika mobwereza mpaka fungo litheretu, ndipo m'thumba lopereka musaikemo ngakhale kamodzi.

5. Longedzani moti wolandira asavutike

Zikauma bwinobwino, zigaweni potsata msinkhu: za wongobadwa mpaka miyezi 3, za 3 mpaka 6, za 6 mpaka chaka, ndi za oyenda. Manambala a pakhosi musawakhulupirire kwambiri, za pa kaunjika zimachokera m'mayiko osiyanasiyana ndipo zina zinafota pochapa. Inu mukukumbuka kuti wanu ankavala chiti ali ndi miyezi ingati, lembani zimenezo pakapepala muike pamwamba pa jumbo iliyonse. Timasokosi tiphatikizeni tiwiritiwiri.

Za kuchipatala zimayenda bwino mukazimanga timitolo toti mzamba angonyamula n'kupatsa mayi mmodzi: kachipewa, timasokosi, mavesiti awiri, matewera awiri kapena atatu, zonse zitakulungidwa m'chitenje kapena m'kabulangete. Timitolo tisanu totere timaposa chisaka chodzaza zosakaniza. Ngati zikuyenda pa basi kapena pa minibasi nthawi ya mvula, ikani m'pulasitiki kaye musanaike m'katoni.

6. Kaperekeni mwakachetechete

Kwa munthu mmodzi, pitani kunyumba kwake kapena mutumize mwana wamkulu madzulo, osati kukamupatsira pamjigo kapena pabwalo la tchalitchi anthu akuona. Muuzeni momasuka kuti zomwe sizimukomera apatse ena. Ndipo chimene mwapereka mwapereka. Mukadzamuona mwana wakeyo atavala kadiresi kaja, musayambe kuuza anthu kuti kanali ka wanu. Ngati pali chomwe mukungobwereketsa, monga shawelo ya ubatizo, nenani tsiku lomwelo kuti ichi chokha chidzabwerere, chifukwa maubale ambiri amasokonekera pa chinthu chomwe wina ankati wapatsidwa pamene mnzake ankati wabwereketsa.

Kuchipatala musalowe m'wodi n'kuyamba kugawa bedi ndi bedi. Simudziwa amene akusowadi, ndipo pabedi lina pagona mayi amene mwana wake sanakhale moyo. Funsani anamwino oyang'anira wodiyo, pachipatala chachikulu angakutumizeni kaye ku ofesi, ndipo musakhumudwe nazo. Siyani katunduyo m'manja mwawo. Foni ikhale m'chikwama. Mayi amene wangochira kumene, atatopa, chitenje chili chamagazi, sangakane kujambulidwa ndi munthu amene wamubweretsera mphatso, koma sikuti wavomera kuti nkhope yake ndi ya mwana wake zizizungulira pa Facebook.

Abale amene muli ku Joni, ku Harare kapena ku UK, musanadzaze katoni werengerani mtengo wotumizira ndipo funsani za msonkho ku MRA. Sankhani zogwirizana ndi nyengo ya kuno. Chijasi cha chipale chofewa ku Nsanje chilibe ntchito, chisiyeni kusitolo zachifundo za komweko monga Oxfam, kuno mutumize za thonje, tizipewa ndi timabulangete topepuka.

7. Kugulitsa, kusinthana, ndi zotsala

Si aliyense angakwanitse kungopereka, ndipo kugulitsa si manyazi pamene mwana yemweyo akufunika zovala zokulirapo. Jambulani zovala zokhazokha zitayalidwa pabedi, ikani pa WhatsApp, tchulani msinkhu ndi mtengo wa mulu wonse osati chimodzichimodzi, ndipo mtengowo utsike kuposa wa pa kaunjika, apo ayi palibe chifukwa choti munthu agule kwa inu. Pomwe pali banga nenani. Ndalama ilowe pa Mpamba kapena pa Airtel Money katundu asananyamuke.

Njira imene ndimaikonda kuposa zonse ndi ya thumba loyenda. Amayi a banki m'khonde imodzi, a kwaya kapena a pantchito amasonkha tizovala ta miyezi 6 yoyambirira m'thumba limodzi. Amene wachira amalitenga, mwana akathinidwa amachapa, kusita, kuchotsa zomwe zatha, kuonjezeramo chimodzi kapena ziwiri, n'kulibweza kwa msungichuma kuti lidikire wotsatira. Kupatsa n'kuika, ndipo apa amene waikamo lero ndi yemwe adzalitengenso pa mwana wachiwiri. Chofunika n'chakuti pakhale munthu mmodzi wolemba m'kope kuti thumba lili kwa yani, chifukwa likangosowa mwini limathera pakhomo limodzi.

Zomwe zalephera mayeso onse musazitaye kudzala kapena kuzitentha, za nayiloni utsi wake ndi woipa. Za thonje ziduleniduleni zikhale zopukutira m'khitchini ndi zokolopera. Zokongola koma zong'ambika mupatseni telala, amazisandutsa zigamba, mapilo kapena kabulangete kolumikiza. Musanadule, tsomphulani mabatani ndi mazipi abwino muike m'kabotolo, mudzakonzera zovala za ulendo wotsatira, poti pakangotha miyezi itatu kapena inayi mwanayo adzakhala atathinidwanso.